Moto wa Brünnhilde ndinauzimitsa ine, ndipo sindipepesa

Sabata yathayi inali ya ma rehearsal omaliza a Die Walküre kuntchito kwathu kuno ku UK, nde inu amene mumagwira kuseri kwa siteji mukudziwa kale kuti sabata yotere dzuwa sumaliona, umalowa mmawa nkutuluka basi yomaliza itatsala pang'ono kukusiya. Zimenezo sindikudandaula ayi, ntchitoyi ndimaikonda. Chandilembetsa ndi zomwe zinachitika Lachinayi usiku pa dress rehearsal, mpaka pano mtima sunakhale pansi.

Amene simunaionepo, iyi ndi opera yachiwiri mwa zinayi za Ring ya Richard Wagner, amaimba m'Chijeremani koma nkhani yambiri anaitapa ku nthano zakale za ku Iceland ndi Scandinavia, Wotan, mfumu ya milungu mu nkhaniyi, ndi yemwe kumeneko amati Odin. Nyimbo zokha zimadya pafupifupi maola 4, kuphatikiza zopumira ziwiri anthu amakhala mu holo maola 5. Ndipo mkuluyu polemba za ife onyamula katundu analibe nazo ntchito, anafuna lupanga lozikika mu mtengo loti munthu alizule akuimba, lupanga lomwelo lithyoke pa mkondo anthu akuona, akazi okwera mahatchi mumlengalenga, kumapeto moto uzungulire thanthwe munthu atagona pakati pake. Chiyambire 1870 pomwe inaonetsedwa koyamba ku Munich, crew iliyonse imatuluka thukuta ndi zinthu zomwezi.

Yathuyi ndi yatsopano kotheratu. Mahatchi kulibe, zipewa zamapiko kulibe, Wotan wavala suti ngati mwini kampani, ma Valkyrie 8, ana aakazi ankhondo a Wotan, azibale ake a Brünnhilde, akukankha mabedi a matayala a kuchipatala atanyamula mitembo ya asilikali. Ena akwiya nazo koma izi sizinayambe lero, Patrice Chéreau anazichita kale ku Bayreuth mu 1976 pomwe anaika nkhaniyi m'nthawi ya mafakitale, anthu anamukuwiza poyamba kenako nkudzaitama. Ine yathuyi yandigwira mtima, makamaka pomwe Fricka amamupanikiza mwamuna wake Wotan mu Act 2 mpaka kuvomera kuti Siegmund, mwana wa Wotanyo, afe. Kungoti a dayirekitala ananenetsa kuyambira pachiyambi kuti moto wakumapeto akufuna weniweni, wa gasi, osati magetsi ofiira ndi utsi. Palibe vuto, zimatheka bwinobwino, bola upereke nthawi ndi anthu. Pa batani la motowo anandiika ine.

Lolemba mpaka Lachitatu zinali za masiku onse. Chimtengo cha mu Act 1 ndi cholemera zoti msana umachita kulankhula, lupanga Nothung linakana kuthyoka mpaka anzathu a props anasintha kapini kake, bedi limodzi tayala likulira pakati pa nyimbo. Lachitatu orchestra inadzadza dzenje lake lonse la kutsogolo kwa siteji, azeze 6, ma tuba a Wagner aja, nde mukudziwa kuti oimbawo akangokhala pansi nthawi yonse ndi ya maestro wowatsogolera, iwe wa siteji sungakweze dzanja kuti taimani tibwereze.

Apa ndi pomwe panayambira vuto. Nthawi yoyesa moto ndi woimba weniweni atagona pamalo ake inali Lachiwiri masana. Inadyedwa ndi video ya mu Act 2, maola akutha anthu akukangana za mtundu wa mitambo pa khoma. Anati tipanga Lachitatu mmawa, Lachitatu lomwelo nkumva kuti ayi, kuitananso katswiri wa kampani ya gasi ndi ndalama ina, moto munauyesa kale sabata yatha. Inde tinauyesa, pa siteji yopanda munthu, zitseko zonse zotseka, zovala zisanabwere. Chachiwiri, risk assessment yomwe akuluakulu anasaina okha imanena poyera kuti pakhale anthu awiri, ine mbali ino chala chili pa batani, wina mbali inayo ali ndi chozimitsira moto ndi bulangeti, chifukwa pomwe ndimaima kuseri kwa nsanja yomwe woimba amagonapo sindikuona konse. Wachiwiriyo anali waganyu wochokera ku agency, anamudula kuti bajeti yathina. Nditafunsa anandiuza kuti mnyamata wokankha mabedi akamaliza azithamangira kumeneko. Mnyamata yemweyo pa nthawi imeneyo amakhala ali panja pa chitseko chachikulu chakumbuyo akulongedza mabedi omwewo.

Chachitatu chikhoti. Wagner analemba kuti Wotan akamugoneka mwana wake Brünnhilde amufunditse chishango, kwathu kuno amamufunditsa chikhoti chake chachitali. Chenicheni chinabwera kuchokera ku wardrobe Lachitatu madzulo, chachitali kuposa chomwe ankayesera, nsalu yolemera yofika mpaka pansi. Ndinafunsa ngati chathiridwa mankhwala oletsa kuyaka, yankho linali loti tifufuza. Sindikuwada amayi a ku wardrobe, nawonso atsala ochepa ndipo anasoka mpaka usiku.

Nde Lachinayi lafika, mu holo muli ana asukulu za nyimbo, abale a ogwira ntchito ndi ojambula zithunzi. Zonse zinayenda bwino mpaka kumapeto kwa Act 3. Pamenepa ngakhale ife a crew timakhala chete pa headset, bambo akutsanzikana ndi mwana wake wokondedwa yemwe akumulanga chifukwa chochita chomwe iye mwini mtima wake unkafuna, amamupsompsona m'maso, umulungu nkumuchoka, nkugona. Mayi amene akuimba Brünnhilde anagona pa nsanja, maso otseka, ndipo kuyambira pamenepo mpaka katani kutsika saloledwa kugwedeza olo chala. Moyo wawo wonse amakhala ausiya m'manja mwa anthu omwe sakuwaona. Wotan anawafunditsa chikhoti, anaitana Loge mulungu wa moto, anamenya mkondo katatu, DSM (wachiwiri kwa stage manager, yemwe amatiuza nthawi yochita chilichonse) nkunena go, ine nkudina.

Moto unayaka mokongola zedi, ndinamva anthu mu holo akupuma mokweza. Koma sipanathe nthawi ndinaona malawi akupendekera mkati, onse mbali imodzi, chifukwa chitseko chakumbuyo chija chinali chotsegula mabedi akutuluka ndipo mphepo imalowa molunjika. Kuyang'ana bwino, mpendero wa chikhoti watsetsereka, ukulendewera m'mphepete mwa nsanja, pafupi penipeni ndi paipi ya gasi. Mbali inayo kulibe munthu. Ndinaitana pa headset kuti kuseri kuli ndani, zii. Zinali ngati kuona mwana wagona pafupi ndi mbaula chitenje chikukhudza makala, sudikira kuti wina akupatse chilolezo. Ndinachotsa chala, gasi nkutseka, moto wonse thii, orchestra ikupitiriza nyimbo ya moto pa siteji ya mdima.

Mawu oyamba omwe ndinamva sanali ofunsa ngati mayiwo ali bwino. Anali a dayirekitala pa mic kuchokera mu holo, akukalipa kuti ndani wazimitsa moto wanga, anthu onse akumva. DSM wathu, mtsikana wamng'ono koma wolimba mtima, ndi amene anaimitsa show nkuyatsa magetsi ogwirira ntchito, ndimulemekeza mpaka kalekale. Production manager anabwera akuthamanga, nkhope itafiira, kundifunsa kuti wakuuza ndani kuti usiye. Ndinati bwana, batani ili munandipatsa kuti ndikaona choopsa ndilisiye, ndachiona, tiyeni mukagwire chikhoticho. Anapita nkuchigwira. Mpendero unali wotentha, ubweya wake utawauka, fungo likumveka. Sanayankhenso kanthu.

Manja anayamba kunjenjemera pambuyo pake, ndili pa masitepe akumbuyo. Mayi aja sanadziwe chilichonse, iwo ankangodabwa kuti kutentha kwasiya msanga bwanji. Atauzidwa anandifunafuna mu kolido asanachotse ndi wigi yomwe, anandigwira manja onse awiri osalankhula zambiri. Munthu waimba Act 2 ndi Act 3 pamwamba pa orchestra ya anthu pafupifupi 100, mawu omwe anawasula zaka ndi zaka, ndipo akanapsa miyendo chifukwa cha malipiro a waganyu mmodzi a usiku umodzi. Ichi ndi chomwe chikundiwawa. Ndalama ya ma projector atsopano inapezeka, ya ndege ndi hotela za ma designer inapezeka, koma ikafika pa munthu woima mumdima atanyamula bulangeti ndi pomwe amakumbukira bajeti.

Lachisanu mmawa anandiitana ku ofesi, lipoti atalemba kale, loti moto unaimitsidwa ndi operator ndipo rehearsal inachedwa. Basi. Za munthu wachiwiri mulibe, za nthawi yoyesa yomwe inafafanizidwa kawiri konse mulibe, za chikhoti mulibe. Ndinakana kusaina. Ndinawauza mwaulemu kuti ndisaina pokhapokha zitatuzi zilowe, ndipo rep wathu wa yuniyoni akhalepo. Wina anayesa kundinyengerera kuti palibe amene akukuimba mlandu, tingotseka nkhaniyi mawa ndi first night. Koma ndakhala mu ntchitoyi mokwanira kudziwa kuti pepala limakhala anthu ataiwala, ndipo tsiku lina likadzavuta dzina lomwe lidzawerengedwe ndi la operator. Komanso tinene zoona, ukakhala wobwera, wakhungu ngati langali, anthu amayembekezera kuti ungoti yes nkuthokoza kuti uli pa ntchito. Analemba lina, ndinasaina.

Masana omwewo zinthu zomwe zinkakanika sabata yonse zinatheka m'maola ochepa. Katswiri wa gasi anabwera, mapaipi anawasunthira kunja, chikhoti anachidula nkuchithira mankhwala, anaika cue yoti chitseko chakumbuyo chitsekedwe moto usanayake, ndipo mayi aja anabwera pa tsiku lawo lopuma kudzagona pa nsanja kuti tiyese bwinobwino. Waganyu uja anamuitananso.

Loweruka first night inayenda. Lupanga linathyoka pa nthawi yake, moto unayaka mowongoka mpaka katani kutsika, ine ndikuona mnzanga mbali inayo atagwira bulangeti lake. Oimba anawaombera m'manja nthawi yaitali, a dayirekitala atatuluka ena anakuwiza ena nkuimirira, za Wagner zimatero. Ife tinali tayamba kale kumasula mapaipi.

Koma waganyuyo amulonjeza ma show oyambirira okha, otsalawo akuti aonanso. Ndipo nyumbayi ikufuna kumaliza Ring yonse, kutsogoloku kukubwera Siegfried komwe kuli kusula lupanga pa ng'anjo, chinjoka, ndi moto womwewu pa thanthwe lomweli, kenako Götterdämmerung komwe Valhalla yense, kwawo kwa milungu, amapsa ndipo mtsinje wa Rhine umasefukira, zonsezo ndi crew yomwe ikuchepera chaka ndi chaka. Lachiwiri tili ndi msonkhano ndi a yuniyoni. Ndawauza kale akuluakulu, ndipo ndalemba pa email kuti pasadzakhale kukana, kuti usiku uliwonse womwe mbali inayo kudzakhale kopanda munthu, DSM adzanena go ine sindidzadina.