Loko wodulidwa pa thanki ya madzi ozimitsira moto

Ndafika kunyumba mochedwa, ndipo ngakhale ndasamba ndi kudya, maganizo anga adakali m'chipinda cha mapampu, pansi pa nyumba ina ya nsanjika ku Hillbrow, mu mzinda uno wa Johannesburg, kumene bwana ananditumiza masana kuti ndikayese pampu yozimitsira moto monga timachitira mwezi uliwonse. Mipope ya m'dera limenelo yauma masiku anayi tsopano. Chizolowezi changa n'chakuti ndisanakhudze makina alionse ndimayamba ndaona muyezo wa madzi m'thanki, ndipo lero ndinapeza kuti madziwo atsika kupitirira theka. Pa valavu ya pansi pa thanki, imene ndinaimangira unyolo ndi loko ndi manja angawa mwezi watha, panali paipi yobiriwira yothiririra maluwa, yomangidwa ndi waya, ndipo simenti yonse inali yonyowa, yodzaza ndi zidindo za mapazi, ena a ana.

Bambo oyang'anira nyumbayo ndi Mmalawi mnzathu wa ku Mangochi, munthu wamkulu woti akhoza kundibala, ndipo sanabise kanthu. Anatulutsa loko wodulidwayo m'thumba la jekete n'kundipatsa m'manja. "Mwana wanga, ndadula ndine. M'nyumba muno muli makanda, muli agogo ena amene sangathe kutsika masitepe kukaima pa mzere wa galimoto ya madzi, zimbudzi zadzaza mpaka fungo lafika pa khomo la kunja. Kodi ine ndizingoyang'ana madzi ali phee m'thankimu, anthu akuvutika chonchi?" Ndinawayankha kuti, "Bambo, madzi awa si athu, anasungidwira moto, ndipo pampu iyi ikayamba kukoka mpweya m'malo mwa madzi, mapaipi onse a m'mwambamu sathandiza aliyense." Iwo anati akhala pa nyumbayo zaka 11 ndipo moto wake sanauonepo, koma ludzu ndi uve akuziona lero ndi maso. Dzina la nyumba ya Usindiso linafika pakamwa panga, nyumba ija ya ku Marshalltown imene inapsa pa 31 Ogasiti 2023 n'kupha anthu 76, ena mwa iwo Amalawi anzathu, koma ndinalimeza, chifukwa sindinafune kuwaopseza ndi maliro amene iwonso anawalira.

Chimene chikundisowetsa tulo n'chakuti sabata yomwe ino ndakhala ndikuwerenga madzulo za madzi ozimitsira moto pa masiteshoni opanga magetsi a nyukiliya, pokonzekera mayeso a ntchito yathu, ndipo zimene ndinaona lero zinalembedwa kale m'malamulo awo ngati kuti olembawo anawadziwa bambo aja. Malamulowo anabadwa ndi moto wa pa siteshoni ya Browns Ferry, ku Alabama m'dziko la America, pa 22 Malichi 1975. Wantchito wina ankafufuza ndi kandulo ngati mpweya ukudutsa pa bowo limene mawaya amalowera m'khoma, lawi linagwira thovu lotsekera bowolo, ndipo moto unayenda m'mawaya n'kuwononga oposa 1,600, ena mwa iwo oyendetsa zipangizo zoziziritsira riyakita, ng'anjo ya nyukiliya imene imatulutsa kutentha kopangira magetsi. Mkulu wa ozimitsa moto wa m'tauni yapafupi ya Athens analangiza kuti athire madzi, koma akuluakulu a siteshoni anakana poopa magetsi, ndipo moto unayaka pafupifupi maola 7. Atalola madzi, unazima m'mphindi zochepa.

Mu 1980 bungwe loyang'anira za nyukiliya ku America linakhazikitsa malamulo otchedwa Appendix R, amene amafuna kuti siteshoni ikhale ndi magwero awiri osiyana a madzi ozimitsira moto, lililonse ndi thanki yake, pampu yake ndi mapaipi ake, ndiponso kuti gwero lililonse palokha likwanitse kupereka madzi onse ofunika kwa maola awiri. Koma mzere umene wandikhala pamtima ndi wina. Ngati thanki imodzi ikusunga madzi a moto pamodzi ndi a ntchito zina, lamulolo limakana kuti loko wa pa valavu, kapena lamulo lolembedwa pa pepala, akhale chitetezo chokhacho. Pamafunika thanki yapadera, kapena paipi yotengera madzi a ntchito zina iimikidwe m'kati mwa thanki, kukamwa kwake kuli m'mwamba, kotero kuti munthu atatsegula mpope tsiku lonse, madzi sangatsike kupitirira pamene paipiyo yalekezera. Anthu amene analemba zimenezi sankaopa mbava. Ine ndikuona kuti ankaopa munthu wabwino amene ali ndi chifukwa chomveka, ngati bambo a ku Mangochi aja, ndipo anadziwa kuti loko sangapirire pamaso pa munthu wotere.

Ndiyenera kunena kuti mtima wanga sukuwada bambowo, ndipo n'chifukwa chake ndikuvutika. Kunyumba kwanga kunonso zigubu zili m'bafa, ndipo ndikukumbukira mmene madera ambiri a mzinda uno anakhalira masiku ambiri opanda madzi mu Malichi 2024, magetsi atazima pa malo opopera madzi a Eikenhof. Mu Johannesburg madzi ndi magetsi zimapita limodzi, ndipo moto umakonda nthawi yomweyo, pamene anthu ayatsa makandulo ndi mbaula za palafini. Pa siteshoni ya nyukiliya vuto limenelo amaliyembekezera: pambali pa pampu ya magetsi amaika pampu ya dizilo yoyaka yokha mphamvu ya madzi ikatsika, ndipo paipi yaikulu imazungulira malo onse ngati mphete, yokhala ndi mavalavu ogawa, kuti mbali imodzi ikaphulika madzi afikebe podzera mbali inayo. Pampu ya dizilo ya ku Hillbrow ndinailiza lero ndipo inayaka bwino, koma ndinaizimitsa msanga, chifukwa ubwino wa injini suthandiza ngati thanki ili yopanda kanthu.

Kuno ku South Africa siteshoni yotere ndi imodzi yokha, Koeberg, kumpoto kwa Cape Town, yoyendetsedwa ndi Eskom, kampani ya boma yopanga magetsi, ndipo mariyakita ake awiri anayamba ntchito mu 1984 ndi 1985. Ili m'mphepete mwa nyanja ya Atlantic ndipo imaziziritsa nthunzi yake ndi madzi a m'nyanjamo, komabe pa chilala cha 2018, pamene Cape Town inkawerenga masiku oti mipope itsekedwe, anaikapo makina ochotsa mchere m'madzi a pansi pa nthaka kuti asadalire madzi a mzinda. Ndipo pa siteshoni ya nyukiliya ya Fukushima, ku Japan, mu Malichi 2011, magetsi onse atapita ndi madzi osefukira, anali magalimoto ozimitsa moto amene anakankha madzi kulowa m'mariyakita kudzera m'mapaipi ozimitsira moto, ndipo madzi abwino atatha anayamba kupopa a m'nyanja. Mapaipi amene tsiku ndi tsiku amaoneka ngati akungokhala ndiwo anasanduka njira yotsala. Zimenezi ndinafuna kuwafotokozera bambo aja, koma pamene ndinkasanja mawu, mayi wina anatsika ndi zidebe ziwiri, mwana ali kumsana, n'kuima pa khomo akutiyang'ana, osanena kanthu.

Ndinamanga loko watsopano. Bambowo anandipempha kiyi, ndinakana, ndipo anangoti, "Chabwino mwana wanga, wachita ntchito yako," m'mawu amene sanali aukali komanso sanali ovomereza. Ndisanamange ndinalola mayi uja kudzaza zidebe zake, ndipo sindingalembe zimenezo paliponse kupatula pano.

Lipoti la kwa bwana lili patebulo, ndalemba muyezo wa madzi, ndalemba kuti pampu zonse ziwiri zikuyaka, ndipo ndalemba pempho lakuti eni nyumba aike thanki ina ya madzi a anthu, kapena tiimike paipi m'kati mwa thanki yomwe ilipo kuti anthu azitunga a pamwamba okha. Ndikudziwa kuti eni nyumbawo akaona mtengo adzati tidikire chaka chamawa. Mzere wofunsa chimene chinachititsa kuti madzi atsike udakali wopanda kanthu, chifukwa ndikalemba zoona bambo aja akhoza kuchotsedwa ntchito, ndipo ndikalemba kuti thanki ikudontha atumiza munthu kukafunafuna bowo limene kulibe. Lipotilo likufunika 7 koloko m'mawa, ndipo ndangotsegula mpope wa m'khitchini muno, ukungotulutsa mpweya.