Tsiku limene ndinaseka Jeff Bezos

Kupanga sopo ndinaphunzira msanga, koma dzina lake ndi limene linandisowetsa tulo. Milungu iwiri yathunthu ndinkangolemba n'kufufuta. Mlamu wanga anati nditengere Adidas, dzina lochokera kwa mwini wake, Adi Dassler. Nditadula dzina langa n'kulumikiza, chinatulukacho chinkamveka ngati mankhwala a njoka zam'mimba.

Kenako ndinawerenga za Jeff Bezos, amene anayambitsa kampani yotchuka yogulitsa zinthu pa intaneti. Mu 1994 kampani yake anaitcha Cadabra, koma loya wake anamva ngati akuti "cadaver", kutanthauza mtembo. N'chifukwa chake lero timati Amazon. Ndinaseka mpaka misozi. Munthu wophunzira chonchi, osayamba walitchula kaye dzinalo kuti amve mmene likumvekera?

Langa linandibwerera ndili m'bafa: Nunkhira. Lalifupi, lokoma pakamwa, ndipo likunena lokha ntchito ya sopoyo. Ndinatuluka thovu lili m'khutu n'kuimbira wosindikiza. Netiweki inkangodukaduka.

"Nunkhira, bambo! Mwamva?"

"Ndamva bwana, musadandaule. Ndikutumizireni chitsanzo muone kaye?"

Ndinakana. Anthu akuluakulu abizinesi sataya nthawi ndi zitsanzo.

Patatha masiku atatu timapepala tomata 500 tinafika, tonyezimira bwino, zilembo zikuluzikulu zobiriwira: NUNKHA. Pansi pake panali mawu amene ndinawapeka ndekha monyadira: "Banja lonse, tsiku lonse."

Mkazi wanga anaseka mpaka anakhala pansi. "Bambo ake, ndiye mukufuna tonse, ndi ana omwe?"

Wosindikiza uja sanatekeseke n'komwe. "Ndinadabwa ndithu bwana, koma ndinati mwina ndi kutsatsa kwamakono."

Ndalama zosindikizira kachiwiri ndinalibe. Ndinayesa kulowetsa "ir" ndi cholembera, koma pofika pepala la 40 dzanja linali litauma, ndipo zinkaoneka ngati sopoyo akudzikana yekha. Otsalawo ndinangomata choncho, mutu uli pansi.

Anthu ankaima, kuwerenga, kuseka, kununkhiza kuti atsimikize, kenako n'kugula. Ena ankajambula n'kutumizirana pa WhatsApp. Agogo ena anabweranso kachitatu: "Mwanawe, wonunkha uja watha?"

Dzulo ndaitanitsa timapepala tina 500. Ulendo uno sindinafune zolakwika, ndinamutchulira wosindikiza chilembo chimodzichimodzi: N, U, N, K, H, A.