Mmene ndinatchunira Speeduino pa Corolla yanga ya turbo kuno ku Blantyre

Galimoto yake ndi Corolla AE111, injini 4A-FE ya 1.6, ndinaimangirira ka turbo kakang'ono, nde kompyuta yake yobwera nayo ku Japan ija inasiya kukwanitsa chifukwa siidziwa zoti kuli chinthu chotchedwa boost, presha ya mpweya womwe turbo imakankhira mu injini. Ndinaika Speeduino, kompyuta ya injini yoti umaitchuna wekha, kabokosi kamene kamayendera Arduino Mega 2560, chifukwa makompyuta ena ngati Haltech ndi Link mtengo wake ndi wogula galimoto ina. Mawaya sindikamba zambiri, kungoti ma earth a masensa onse abwerere ku kabokosi komweko osati paliponse pomwe mwaona bawuti, ndipo waya wa crank sensor akhale wokutidwa uja, adutse kutali ndi makoyilo.

Injini musanailize yambani mwaiwuza kompyuta zoona. Mu TunerStudio, pulogalamu ya pa laputopu yotchunira, ndinapanga calibrate TPS, sensa yoona mmene mwapondera, phazi kuchotsa, phazi mpaka pansi, kenako sensa ya madzi ndi ya mpweya, mmawa injini itagona usiku wonse ziwirizi zimayenera kuwerenga pafupifupi chimodzimodzi, zikasiyana kwambiri ndekuti ina ikunama. Kenako kukula kwa ma injector ndi dead time yake, kanthawi komwe injector imatenga kuti itseguke, apa osaganizira ayi, chifukwa nambala imeneyi ikakhala yolakwika idle imasintha mukangoyatsa magetsi akutsogolo kapena fani ikangodzuka. Ndikatembenuza kiyi osaliza, MAP, sensa ya presha ya mpweya wolowa mu injini, imawerenga cha mma 90 kPa. Wina angaganize kuti sensa yafa poti mabuku amati 101, koma Blantyre ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000, mpweya kuno ndi wopepuka. Nambala imeneyi muisunge mmutu, ibweranso.

Tayimingi ndi pomwe anthu ambiri amafuna kudumpha. Pa pulley tinaika gudumu la mano 36-1 lomwe anandiwotcherera anyamata a ku Ndirande, nde kompyuta siidziwa kuti dzino losowalo lili pati pokhapokha muiwuze. Ndinatseka tayimingi pa madigiri 10 mu Spark Settings, kuwunika ndi timing light, nkumasuntha trigger angle mpaka chizindikiro cha pa pulley chitafika pa 10 yeniyeniyo. Kenako kuponda mpaka 3,000 kuona ngati chikukhalabe pomwepo, chikamathawa nthawi zambiri mawaya a VR sensor, crank sensor ija, asemphana. Mukadumpha apa thebulo lanu lonse la spark ndi nthano chabe.

Wideband, choyezera kusakanikirana kwa mpweya ndi mafuta kuchokera mu utsi, ndiyosakambirana, yanga ili ndi sensa ya Bosch LSU 4.9, ili pa downpipe kuseri kwa turbo, yoloza mmwamba pang'ono kuti madzi a mu ekizozi asamaikhalire. Ndipo ine ndimatchuna ndi lambda osati AFR (AFR ndi kuchuluka kwa mpweya poyerekeza ndi mafuta, pomwe pa lambda 1.00 ndiye mulingo wokwanira, kupitirira apo mafuta achepa, pansi pake achuluka). Chifukwa chake nchakuti petulo wa kuno amasakaniza ndi ethanol wochokera ku nzimbe, wa ku Dwangwa ndi wa ku Chikwawa, ndipo 14.7 imene aliyense amaloweza ija ndi ya petulo wosasakaniza, pa 10 peresenti yokha imatsika kufika cha mma 14.1. Sensa yokha imaona oxygen wotsala basi, nde lambda 1.00 ndi 1.00 olo muthire mafuta a pati. Ndinaika 1.00 poyenda wamba, 0.88 pofika 90 kPa, 0.78 mpaka 0.80 mu boost, poti compression ya 4A-FE ndi cha mma 9.5, yokwererapo kwa injini ya turbo.

Tsopano kumsewu. Wina ayendetse wina agwire laputopu, zoti dzanja limodzi pa chiwongolero lina pa kiyibodi izo nzofuna kukathera ku Queens. Amayendetsa ndi alamu anga, munthu wofatsa phazi, ine pambali laputopu pamiyendo, Start Logging kuti izisunga manambala a injini mu log, nkumawauza, "Alamu, giya fo, gwirani pa 2,500 pomwepo, musawonjezere, pondani pang'onopang'ono." Iwo amvekere, "Koma alamu kumbuyoku kuli minibasi ikundiyatsira magetsi." Mtauni simungatole log yabwino, pa Chipembere Highway mumangoima nkunyamuka, acceleration enrichment, mafuta owonjezera aja kompyuta imathira mukaponda mwadzidzidzi, imangolowerera nkusokoneza manambala onse. Ife timatuluka Lamulungu mmawa, msewu wa ku Zomba kudutsa Njuli, kapena wa Midima, komwe kuli zitunda zazitali zoti injini ikoke nthawi yaitali pa giya imodzi. Liwiro silofunika, chofunika ndi katundu pa injini, chitunda chimakupatsani zimenezo muli pa 60 apolisi osakukhudzani.

Kunyumba ndimatsegula log mu MegaLogViewer, mizere yomwe ndimayang'ana ndi RPM, MAP, TPS, lambda ndi target yake, IAT (kutentha kwa mpweya wolowa), pulse width (nthawi yomwe injector yatseguka) ndi sync loss (kompyuta ikasochera powerenga mano a gudumu lija). Masamu ake ndi osavuta: ngati ndimafuna 1.00 koma yawerenga 1.08, bokosi limenelo la mu VE, thebulo la mafuta, ndimalichulukitsa ndi 1.08, basi. Chomwe chimapusitsa nchakuti lambda imachedwa, utsi umatenga kanthawi kuti ufike pa sensa makamaka pa ma rev otsika, nde mukaona yalumpha yang'anani kumbuyo pang'ono kuti muone bokosi lomwe lapalamula. VE Analyze ya mu TunerStudio yolipira imathandiza, koma muiikire ma filter, isatole injini isanatenthe, phazi likusuntha kapena mukutsetsereka phazi mutachotsa. Ikamaliza thebulo limaoneka ngati munda wa mizere yolima ana, apa phiri apa dzenje, mumayenera kulisalaza ndi manja chifukwa injini siisintha kapumidwe mwadzidzidzi pakati pa mabokosi awiri oyandikana. Mukatero dinani Burn, apo ayi mukazimitsa zonse zapita.

Log inandionetsanso chinthu chomwe thako pampando silingamve. Tikaima pa jamu ya mu Limbe masana, IAT imakwera kupitirira 60 pomwe kunja sikunatenthe choncho, sensa ikungotenthedwa ndi paipi, kompyuta nkumadula mafuta poganiza kuti mpweya wapepuka, lambda 1.10 ponyamuka. Ndinaisunthira pafupi ndi throttle, kutali ndi mphepo ya rediyeta, zinachepa.

Spark mu boost popanda dyno, makina oyezera mphamvu ya galimoto, ndi nkhani ya khutu. Ndinapanga ma det can omvera knock, kuphulika kwa mafuta kolakwika komwe kumaononga pisitoni: kapaipi ka kopa kophwanya mbali imodzi nkumangira pa block, payipi ya pulasitiki mpaka mu zotsekera mmakutu zija za ku hardware. Knock imamveka ngati ka tiki tiki kakuthwa pamwamba pa phokoso la ma valve. Ndinayambira pansi kwambiri, kukweza digiri imodzi imodzi, pomwe galimoto yasiya kuwonjezera mphamvu mu log ndimaima nkubwerera madigiri awiri. Ena amati ndikusiya mahatchi pansi, zoona, koma mapisitoni a 4A-FE si a mpikisano.

Nde ija 90 kPa ija. Sipuling'i ya wastegate yanga, valavu yoletsa boost kupitirira, ndi 0.4 bar, kapena kuti 40 kPa, ndipo imawerengera kuchokera pa mpweya wa pamalo pomwe muli. Ku Blantyre ndekuti MAP imathera cha mma 130. Mukatsika Thabwa nkufika ku Chikwawa mpweya uli cha mma 100, sipuling'i yomweyo ikupatsani 140, mzere wa thebulo womwe log ya ku Blantyre sinaupondeko olo kamodzi, kuwonjezera kutentha kwa ku Shire kwa mu Okutobala komwe knock imakonda. Galimoto yoti mtauni imayenda bho ikhoza kukasungunula pisitoni pa Nchalo. Ndisanapite ndinadzaza mizere ya 140 mpaka 160 ndi mafuta ochulukirapo ndi spark yotsika, kuika boost cut pa 155 kuti kompyuta izidula injini MAP ikafika pamenepo, ndi kuika kuti IAT ikadutsa 50 izichotsa tayimingi. Kenako tinatsika dala kukatola log, ndipo MAP inafikadi 141, lambda 0.76, ndinangochepetsa mafuta pang'ono. Potsikapo kumbukirani kuti Speeduino yopanda baro sensor yapadera yoyezera presha ya kunja imawerenga mpweya wakunja poyatsa pokha, nde ife pansi paja timazimitsa nkuyatsanso tisanayambe log.

Chatsala ndi warmup enrichment, mafuta owonjezera injini isanatenthe, imeneyi mumakhala ndi mwayi umodzi patsiku, mmawa injini ili yozizira, ndipo mabokosi a pansi pa madigiri 15 akudikira chiperoni cha mu Juni. Fayilo ya tune iliyonse ndimaisunga ndi deti lake pa flash komanso pa foni, poti batire ya laputopu yanga ikangoona magetsi azima nayo imagona.