Zikomo nonse: nyimbo zapulumuka, mndandanda wa zimbale zisanu watha

Abale ndi alongo, akuluakulu nonse amene munatigwira mkono, ntchito ija yatha. Mndandanda wa zimbale zisanu zomwe taziika pamwamba mwa zotuluka pakati pa 2015 ndi 2023, za kuno ku Malawi ndi za anansi athu a ku Zambia, tsopano ulipo. Ukanatha kalekale, koma hard drive yomwe munali nyimbo zonse pamodzi ndi malikisi athu inafa usiku wina magetsi atabwerera ndi mphamvu yopyola muyeso. Tabwera kudzathokoza, ndipo titchula mwatsatanetsatane chimene aliyense anachita, poti vuto lomweli mawa likhoza kugwera wina.

Oyamba ndinu bambo okonza makompyuta, amene munakana kuti tikutchuleni dzina. Zikomo kwambiri bambo. Hard drive ija inali yolumikiza kunja, ya mainchesi 3.5, yodya 12 V kudzera mu adaputala yakeyake. Tikailumikiza inkangoti zii, osazungulira n'komwe. Inu simunathamangire kutsegula chivundikiro chake chachitsulo. Munaitulutsa m'kabokosi kapulasitiki, n'kumasula kabolodi kobiriwira ka kunsi kwake, n'kuyamba kuyeza ndi mita. Pafupi ndi polowera magetsi pamakhala timadayodi tiwiri toteteza totchedwa TVS, kena ka 5 V, kena ka 12 V. Magetsi akakwera mwadzidzidzi, kadayodi kotere kamapsa n'kuchita shoti, ndipo mphamvu yoipayo siipitirira ku ziwalo zina. Kanapsa ndi ka 12 V. Mutakachotsa n'kulumikiza disikiyo pa kompyuta ya patebulo ndi chingwe cha SATA, kaphokoso ka kuzungulira kaja kanamveka. Ngakhale zinatero, simunalole munthu kutsegula foda ndi imodzi yomwe. Disiki yochotsedwa dayodi ilibenso chitetezo, choncho munayamba mwakopera disiki yonse pa ina yatsopano ndi pulogalamu ya ddrescue, yomwe imatenga kaye malo owerengeka mosavuta n'kudzabwerera pambuyo pamene pakuvuta.

Zina zomwe munatichenjeza tizisiye pano kuti ena atolepo. Disiki ikamalira kuti kha kha kha, vuto si dayodi ayi, nthawi zambiri ndi timitu towerenga ta mkati, ndipo kuiyatsa mobwerezabwereza kumapala mbale zomwe zimasunga mafayilo. Kuiika mu filiji, monga ena amalangizira, kumangolowetsamo chinyezi. Kugula kabolodi kena kofanana n'kumangapo sikuthandiza pa madisiki a masiku ano pokhapokha kachipangizo ka ROM ka pa kabolodi kakale kasamutsidwe, chifukwa m'menemo ndi momwe muli makonzedwe a disiki imeneyo yokha. Panopa nyimbo zili malo atatu: pa madisiki awiri osiyana, ndi pa disiki yachitatu yomwe imagona nyumba ina.

Tsoka lija linaulula china chomwe sichikanadziwika. Achemwali athu a ku situdiyo, tikukuthokozani chifukwa cha masabata awiri omwe munakhala mukutsegula fayilo iliyonse pa pulogalamu ya Spek, yomwe imaonetsa chithunzi cha mawu a nyimbo. Mafayilo ambiri olembedwa kuti 320 kbps (muyeso wa ubwino wa MP3: nambala ikakwera, mawu otayika amachepa) anali onama. Chithunzi cha mawu ake chinkadukira pa 16 kHz ngati wadula ndi lumo, chizindikiro choti poyamba inali MP3 ya 128 kbps, wina n'kungoisandutsa ya 320. Ufa woyera susanduka mgaiwa chifukwa wausamutsira m'thumba lalikulu. Chomwe chimatayika ndi timawu ta m'mwamba: kulira kwa maseche, kupuma kwa woyimba asanayambe mzere, ndi kamvekedwe ka chipinda chomwe ankajambuliramo. Njira yachidule yodziwira ndi kukula kwa fayilo. Nyimbo ya pa CD ndi ya 44.1 kHz, 16 bit, ndipo imadya pafupifupi 10 MB pa mphindi, kotero chimbale cha mphindi 40 chimafika cha m'ma 400 MB. Mtundu wa fayilo wotchedwa FLAC umachepetsa zimenezi pafupifupi ndi theka popanda kutaya kalikonse. MP3 ya 128 kbps imadya cha m'ma 1 MB pa mphindi. Wina akakupatsani chimbale chonse chili 40 MB, dziwani kuti mwalandira chotsalira.

Apa ndi pomwe munalowerera inu amene munatibwereka ma CD anu enieni, ena akadali m'timabokosi tawo ndi timabuku tamkati. Tinawapukuta ndi kansalu kofewa kuchokera pakati kupita m'mphepete, osati mozungulira, chifukwa mzere wopalika motsata njira ya nyimbo ndi umene umadumphitsa CD. Tinakopera ndi pulogalamu ya Exact Audio Copy, yomwe imawerenga malo okayikitsa mobwereza mpaka itatsimikiza. Inunso abale a ku Johannesburg ndi ku Manchester, amene munatigulira zimbale zina pa Bandcamp, malo ogulitsira nyimbo pa intaneti, ngati mphatso ndi makhadi anu a kubanki, Mulungu akudalitseni. Ndalama zimenezo zapita kwa eni nyimbo, ndipo ndi momwe ziyenera kukhalira.

Tithokozenso akuluampingo amene anatipatsa chipinda Loweruka lililonse masana, ndi amayi a m'dera lomwelo amene anabweretsa mikeka ndi makatani. Chipinda cha simenti chopanda kanthu chimabweza mawu, besi n'kumamveka ngati bingu. Mikeka pansi, makatani m'makoma awiri, masipika motalikirana mamita awiri ndi theka la mita kuchoka ku khoma, mpando wa womvera mamita awiri kuchoka pa sipika iliyonse, vuto linatha. Achimwene amene munatibwereka batire ndi inveta, munatipulumutsa ku phokoso la jenereta.

Kasankhidwe kanali kotere. Chimbale chilichonse chinamvedwa katatu, kuyambira nyimbo yoyamba mpaka yomaliza osadumpha: pa masipika aja, pa mahedifoni a waya, ndi pa sipika ya foni, poti anthu ambiri amamvera pamenepo. Bluetooth tinaipewa chifukwa imafinyanso mawu kachiwiri. Tisanayambe tinkalinganiza kukwera kwa mawu pa -14 LUFS, muyeso womwe Spotify imagwiritsa ntchito, chifukwa khutu limanamiza: nyimbo yokwera pang'ono chabe imamveka ngati yokoma kuposa inzake. Woyimba aliyense analoledwa chimbale chimodzi chokha. Awa ndi maganizo athu, ndipo wina akasanja mosiyana sitingamutsutse.

Pa nambala 5 pali As Above, So Below cha Sampa the Great, cha mu 2022. Anachijambula atabwerera kwawo ku Zambia, mothandizana ndi Mag44, ndipo muli alendo monga Angélique Kidjo, Chef 187 ndi gulu la WITCH. Mwa zisanu zonse, ichi ndiye chosakanizidwa mwaukhondo kwambiri. Chatsikira pansi chifukwa alendo achuluka, moti pena mwini nyumba amasowa.

Pa nambala 4 pali Zango cha WITCH omwewo, cha mu 2023, chimbale chawo choyamba patatha zaka 39. Emmanuel "Jagari" Chanda ndi Patrick Mwondela anabwerera mu dB Studios ku Lusaka, situdiyo yomwe gululi linkajambuliramo m'zaka za m'ma 1970, ndipo gitala yokhakhala ya Zamrock, nyimbo za rock za ku Zambia, ikumveka ndi fumbi lake lonse. Chimenechi musachimvere pa MP3 yofinyidwa. Gitala yokhakhalayi, yotchedwa ya fuzz, imadzaza mawu a m'mwamba, ndipo pa 128 kbps imasanduka phokoso ngati mvula pa malata.

Nambala 3 ndi Stomp on the Devil cha Lazarus Chigwandali, cha mu 2019, chomwe anachijambula ndi Johan Hugo. Lazarus ankayimba m'misewu ya ku Lilongwe ndi banjo yopanga yekha, ndipo uthenga wake wotsutsa nkhanza zochitira anthu achialubino amaupereka ndi liwiro loti munthu sungakhale pansi. Ubwino wa kajambulidwe kake ndi wakuti banjo sanaipukute kuti imveke ngati ya m'sitolo. Kulira kwake kwachitini kulipobe, ndipo n'chifukwa chake chimbalechi chinapambana zonse pa sipika ya foni: mawu a banjo ali pakatikati, pomwe kasipika kakang'ono kamakwanitsa.

Pa ziwiri zapamwamba ndi pomwe mkangano unatenga masabata atatu.

I Have No Everything Here cha Zomba Prison Project tachiika pa nambala 2. Ian Brennan ndi Marilena Delli anakachijambula m'ndende ya Zomba mu 2013, chinatuluka mu 2015 pansi pa Six Degrees Records, ndipo chinasankhidwa kupikisana nawo pa mphoto za Grammy za mu 2016, koyamba chimbale cha ku Malawi kufika pamenepo. Mphotoyo inapita kwa Angélique Kidjo. Muli nyimbo 20, zina zosakwana n'komwe mphindi imodzi, zina mawu okhaokha opanda choyimbira. Chimbalechi chimafuna mahedifoni ndi chipinda chachete. Mukatero mumamva mtunda womwe uli pakati pa woyimba ndi maikolofoni, mumamva mayi akukoka mpweya, mawu akunjenjemera pang'ono kumapeto kwa mzere, anzake n'kumulandira chapatali. Palibe makina owongola mawu omwe anadutsapo. Pa mafayilo onama aja zonsezi zinali zitafufutika, ndipo chimbalechi chinali pansi penipeni pa malikisi akale. Chinakwera titachimvera pa CD yeniyeni. Chomwe chachilepheretsa kukhala choyamba ndi kufupika kwa nyimbo zina, zomwe zimatha mtima utangoyamba kuzilandira, komanso pa sipika ya foni theka la kukoma kwake limasowa.

Nambala 1 ndi Musakayike cha Madalitso Band, cha mu 2022, chotulutsidwa ndi Bongo Joe ya ku Geneva, yomwenso inatulutsa Wasalala mu 2019. Anthu ndi awiri okha. Yobu Maligwa amatsogolera kuyimba uku akuliza babatoni, choyimbira chachikulu cha besi cha waya mmodzi, Yosefe Kalekeni amaliza gitala ya mawaya anayi uku akumenya ng'oma yachikopa ndi chidendene. Anachokera m'misewu ya ku Lilongwe, ndipo chitseko cha kunja chinatseguka atayimba ku Sauti za Busara ku Zanzibar mu 2017. Chimbalechi chapambana chifukwa chinapirira mayeso onse atatu. Pa masipika aakulu, babatoni ndi ng'oma zimagwirana ngati anthu awiri osinja mumtondo umodzi, wina akakweza munsi wina akutsitsa. Pa mahedifoni mumamva waya wa babatoni ukutsetsereka kuchoka pa liwu lina kupita pa lina, osadumpha ngati besi gitala wamba. Pa foni mawu a pansi enieni amasowa ndithu, koma kunjenjemera kwa wayawo kumatsala, ndipo khutu limadzaza lokha chotsalacho. Nyimbo zake ndi zazitali, zozungulira pamalo amodzi, koma sizitopetsa chifukwa mawu a anthu awiriwa amasinthana malo, wina pamwamba wina pansi, n'kukumananso.

Chenjezo limodzi kwa oyendetsa zimkuzamawu pa maukwati ndi m'malo achisangalalo: chimbale chimenechi musachiwonjezere besi. Ng'oma ya chidendene ndi babatoni zimakhala moyandikana kumunsi kwa mawu, ndipo mukakweza cha m'ma 60 mpaka 100 Hz ziwirizi zimasungunukirana n'kukhala phala, kugunda kwa ng'oma osamvekanso. Siyani equalizer ili chilili, kwezani voliyumu yokha, ndipo sipika ya besi muichotse pakona ya chipinda.

Kalilima cha Faith Mussa, cha mu 2019, chinatsala pakhomo penipeni, ndipo ena mwa ife mpaka lero sakugwirizana nazo kuti chatsala.

Kwa oyimba nonse amene tatchula, ndi ambiri amene zimbale zanu tinamvera koma sizinalowe m'zisanuzi, tikuombereni m'manja. Munthu amene wakhala pansi kumvera chimbale katatu konse amadziwa thukuta lomwe lili m'menemo. Pempho lathu kwa ojambula m'masitudiyo athu ndi lakuti muzipatsa woyimba mafayilo a WAV, omwe ndi osafinyidwa, kuwonjezera pa MP3, ndipo potumiza pa WhatsApp muzisankha document, poti njira imeneyo imapereka fayilo monga ilili mpaka 2 GB. Oyimbanso lembetsani nyimbo zanu ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito zaluso, ndipo WAV yanu muziisunga malo osachepera awiri.

Ma CD onse obwereka tawapukuta ndi kuwaika m'timabokosi tawo, ndipo awiri omwe anabwera ndi timabokosi tosweka tawagulira tatsopano. Tiyamba kubweza Loweruka likubwerali m'chipinda chomwe chija, kuyambira 2 koloko masana. Mikeka ndi makatani zachapidwa kale, batire tatchaja. Pali CD imodzi ya Zomba Prison Project yomwe inabwera yopanda dzina, yokulungidwa m'kachitenje kobiriwira. Mwini wake, chonde bwerani mudzatenge, tikufuna tikugwireni chanza pamaso.