Maginito pamutu pa mwana wanga

Tulo takana. Mawu a achemwali akungondizungulira m'mutu.

Anaimba foni madzulo ali mweemwee, ngati atola chikwama cha ndalama. "Mng'ono wanga, mankhwala a mwana wathu uja apezeka! Akuti amangomuika maginito pamutu, kuphethira konse kuja n'kutheratu."

Mwana wathu uja ndi mnyamata wanga wa zaka 11. Anayamba kuphethiraphethira ali ndi zaka 6, kenako kunyamula phewa, pano ndi kakhosi, "hm, hm," ngati pakakamira kanthu. Adokotala anati ndi matenda a Tourette, dzina lochokera kwa dokotala wa ku Paris amene anafotokoza za odwala 9 otere mu 1885.

Ndinawauza achemwali kuti nkhaniyi si yachilendo kwa ine. Ndinaiwerenga kale, usiku wopanda tulo ngati uno. Amaitcha TMS, ndipo anaiyambitsa Anthony Barker ndi anzake ku Sheffield mu 1985. Ndi kachipangizo ka waya wokulunga, kooneka ngati 8, kamene amakagunditsa pamutu. Kakathetheka, mphamvu ya maginito imadutsa chigaza n'kukadzutsa timagetsi mu ubongo. Sang'amba, sabaya, munthu amakhala ali maso. Amayamba ndi mbali imene imalamulira dzanja, n'kumaonjezera mphamvu pang'onopang'ono mpaka chala chachikulu chidumphe chokha. Apa ndiye pamene thupi linandichita tsembwe. Chala kudumpha mwini wake asanafune! Si zomwe ndimaona tsiku lililonse m'nyumba muno?

Pa vuto ngati la mwana wangali amaloza chapakati pamutu, pamalo otchedwa supplementary motor area, pamene ubongo umakonzera kuti thupi lisunthe. Amagogoda kamodzi pa sekondi, tsiku ndi tsiku kwa milungu ingapo, poganiza kuti malowa amatakataka mopitirira ndipo akufunika kuwakhazika pansi.

"Nanga ukudikira chiyani?" anafunsa achemwali.

Ndinayesa kufotokoza. Ku America bungwe loona za mankhwala la FDA linavomereza makinawa pa matenda ovutika maganizo mu 2008, kenako pa OCD, matenda obwerezabwereza maganizo ndi zochita mosafuna, mu 2018, koma pa Tourette akadali pa kafukufuku. Zoyesa zoyambirira, za anthu ochepa, zinkapatsa chiyembekezo. Atayerekeza ndi makina onamizira, ongolira phokoso chabe, kusiyana sikunaoneke bwinobwino. Komanso matendawa amachita kubwera n'kupita okha. Mwezi watha mwanayu anatha milungu iwiri ali bwinobwino, popanda chilichonse chimene tinachita. Tikanamuika maginito nthawi imeneyo, bwenzi lero ndikulumbira kuti ndiwo amuchiritsa.

"Iwe vuto lako n'kuwerenga kwambiri," anatero achemwali. "Mwana akusekedwa kusukulu, iwe uli phee ndi mabuku ako."

Ndinadula foni mwaulemu, koma m'mtima munali moto. Phee? Ine amene ndimadziwa phewa lake ladumpha kangati asanamalize kumanga nsapato? Chondiwawa n'chakuti mbali ina akunena zoona. Ndimafuna makinawo. Ndimawafuna kwambiri, chifukwa kwa zaka ziwiri zoyamba ndinkamukalipira kuti asiye masewera, ndipo ndikanakonda patapezeka chinthu chofufuta zaka zimenezo msanga. Njira yomuphunzitsa kuzindikira kuti thupi likufuna kudumpha n'kuchita china m'malo mwake, imene amaitcha CBIT, ili ndi umboni wokwanira kuposa maginito. Koma ndi yochedwa, ndipo imafuna kuleza mtima kumene ine lero ndinalibe.

Sindinadziwe kuti mwanayo ankamvetsera. Ndikutembenuka ndinangomuona ataima pakhomo, pensulo ili m'manja.

"Amayi, zimenezo zimapweteka?"

Ndinamuuza zoona: ena mutu umawawawa pang'ono, phokoso ndi lalikulu moti amatseka m'makutu, ndipo mwa apo ndi apo, kawirikawiri ayi, munthu amatha kugwa ngati wakhunyu.

Anakhala chete. Hm, hm. Kenako anati, "Nanga chimene chimayamba chija chingathe?"

"Chiti?"

Analoza paphewa. "Chimakhala ngati ndikufuna kuyetsemula, koma apa. Ndikachigwira chimakula mpaka ndichite basi." Anayang'ana pensulo yake. "Mukamandiyang'anitsitsa chimakula msanga."

Za kumva kumeneku ndinawerengapo, madokotala amakudziwa bwino. Za maso anga sindinawerengepo paliponse.

Amati zizindikiro za matendawa zimafika pachimake pakati pa zaka 10 ndi 12, ndipo kwa ambiri zimachepa akamakula. Ndiye kuti mwina tili pamwamba penipeni pa phiri. Mwina.

Achemwali atumiza uthenga kawiri, sindinatsegule. Kuchipinda kwake kuli zii tsopano. Posachedwapa ndinadzigwira ndikutchera khutu kukhoma, ndikuwerenganso