Zikomo nonse, tenala wathu waimbanso

Mchimwene wathu waimba opera (sewero loimba) yonse usiku wathawu kuno ku Germany, kuyambira poyamba mpaka nsalu kutsekedwa, mawu osasasa ngakhale pang'ono. Ambuye alemekezeke. Tikulemba tisanagone, ndiye amene tamudumpha asakhumudwe.

Nkhani mukuidziwa: mtsempha wa magazi unaphulika pa kamnofu kamodzi ka mawu m'kholingo. Chinamugwetsa ndi chomwe chagwetsa ambiri, kuimba ali ndi chimfine atamwa aspirin. Mankhwalawa amachititsa kuti magazi azichedwa kuundana, pomwe timinofu tiwiriti, totalika masentimita awiri okha kapena kuposera pang'ono, timagundana kupitirira ka 500 pa sekondi tenala akafika pa noti yokwera kwambiri yotchedwa C wapamwamba. Ndipo mu opera mulibe maikolofoni, mawu ayenera kudutsa pamwamba pa orchestra, gulu lonse la oimba zida, okha. Jonas Kaufmann, tenala wotchuka wa kuno ku Germany, zinamuchitikira mu 2016, anakhala chete miyezi ingapo mpaka kubwerera ku Paris mu Januwale 2017. Koma iye dzina analipanga kale. Wathuyu ndi woimba wa maganyu, amalipidwa usiku umene waimba. Akapanda kuimba palibe kanthu, lendi ndiye siidziwa za kholingo.

Zikomo adokotala a khosi amene munalowetsa kakamera n'kutionetsa kamnofuko kali psuu, n'kunena mosapita m'mbali kuti atseke pakamwa kotheratu. Osalankhula, osanong'ona, pakuti kunong'ona kumatopetsa khosi koposa kulankhula motsitsa, osakonza kukhosi. Zikomo a kwaya ya kumpingo kwathu ku Malawi ndi abale a ku Johannesburg amene munasonkha, lendi inalipidwa ndi inu.

Koma Mayi wathu wa piyano, inu Mayi, tikuthokozeni bwanji?

Amene simudziwa ntchitoyi, m'nyumba za opera mumakhala woimba piyano amene amaphunzitsa oimba mbali zawo, noti ndi noti, liwu ndi liwu. Mayiwa anapuma ntchito kalekale. Palibe anawatuma. Adokotala atalola kuti ayambe kutulutsa mawu, iwo ndi amene anagwira ndondomeko ya katswiri wa mawu n'kuilondola ngati mlonda. Kachubu kofewa ka masentimita 35, mbali imodzi m'kamwa, ina itamira sentimita imodzi kapena awiri m'botolo la madzi, iye n'kumaimba "uu" madzi akuwira. Mphindi zisanu, n'kupuma, kangapo pa tsiku. Mpweya wobwerera m'chubumo umathandiza kuti timinofu tisamamenyane mwamphamvu. Akamiza chubu kwambiri khosi limayamba kukankha, phindu lonse n'kutha, ndiye Mayi anaika chizindikiro cha tepi pabotolo kuti asapyole.

Kenako kunjenjemeretsa milomo, kenako manoti apakati okhaokha. C wapamwamba anamuletsa ngakhale kumutchula. Iwo ankalimbana ndi malo a E, F ndi F sharp, pamene mawu a tenala amasinthira kuchoka pachifuwa kupita m'mwamba. Munthu wovulala amafika pamenepo ndi mantha, amakweza kholingo, nsagwada n'kuuma, kenako amakankha, ndipo kukankhako ndi kumene kumaphulitsanso mtsempha. Mayi ankaika chala pansi pa chibwano chake. Pakangolimba, piyano atseka, "Basi mwanangu, mawa." Ngakhale atadandaula bwanji.

Ndipo tisaiwale za foni ija. Kunabwera mwayi wolowa m'malo mwa tenala wodwala pa mbali ya Tonio mu La fille du régiment ya Donizetti, ija ili ndi ma C apamwamba 9 m'nyimbo imodzi. Ndalama zinali zabwino, ngongole zili m'khosi. Enafe tinagwedezeka. Mayi anati ayi, ndipo anaimirira pakhomo mpaka mchimwene atakana. Anamusankhira mbali ya Tamino mu Die Zauberflöte ya Mozart, osati poti ndi wophweka, Tamino amakhalitsa pa manoti osinthira aja ndipo cholakwa chilichonse chimamveka, koma safuna C. Vuto lake lobisika ndi zolankhula za Chijeremani pakati pa nyimbo. Ambiri amalankhula motsika kwambiri, n'kufika pa nyimbo yotsatira mawu atatopa. Mayi anamuphunzitsa kulankhula pamalo omwewo amaimbira.

Pa zoyeserera anamulembera papepala masiku oimba ndi mawu onse ndi masiku ongodutsamo motsitsa kapena octave imodzi (manoti asanu ndi atatu) pansi. Mawu onse anawasungira tsiku lokhala pansi ndi orchestra ndi tsiku loyeserera komaliza. Chakudya chomaliza maola atatu asanagone, kuopa asidi wa m'mimba kukwera n'kuwotcha kholingo usiku. Makina onyowetsa mpweya m'chipinda, chifukwa zotenthetsa nyumba za kuno zimaumitsa khosi nyengo yozizira. Mutu ukamupweteka, paracetamol, aspirin ayi. Ndalama ya ola limodzi sanalandirepo. Titawapititsira envelopu anaibweza ili yomata. Mulungu wa kumwamba akuonjezereni masiku, Mayi, ndi zala zanuzo zisakupwetekeni.

Amene munazimitsa mafoni, takuonani. Amene mumadya peresenti pa kontirakiti iliyonse koma mauthenga munasiya kuyankha atangodwala, dzulo munali oyamba kutumiza maluwa. Tawalandira, ndi okongola. Anzake ena amene munathamangira kukafunsa masiku ake asanatuluke n'komwe kwa dokotala, ntchito ndi yosowa, tikumvetsa, koma moni sagula. Nanunso amene munkati abwerere kumudzi, kuimba si ntchito, nkhani yake ndi imeneyi.

Ulendo sunathe. Adokotala akufuna kuonanso kholingo akamaliza masiku onse a Tamino, ndipo mtsempha wotupa ukaonekanso pangafunike opareshoni ya laser. Pitirizani kupemphera. Chonde musamuimbire foni lero kapena tsiku lililonse lotsatira usiku woimba, lembani uthenga, adzayankha ndi zala. Ndi lamulo la Mayi, ndipo foni yake ili ndi ife.