Loweruka la makoyilo ndi alamu anga

Lero ndimati ndipumeko koma alamu anga atulukira m'mawa tiyi asanapse n'komwe, atanyamula jumbo ya mawaya ndi kachidutswa ka paipi ya PVC. Sabata yonseyi akhala akunditumizira mavidiyo pa WhatsApp a anthu akunja omwe akuti koyilo, waya wokulungidwa mozungulira kambirimbiri, ukaipanga bwino imatulutsa magetsi ochuluka kuposa amene walowetsa, ndiye ati tipange yathu tisiye kugula mayunitsi. Ine ndinangoti chabwino alamu tiyeni, bola tiyeze chilichonse.

Waya wopyapyala uja wa vanishi tinachita kumasula mu mota ya fani yakufa. Kukulunga ndiye ntchito yotopetsa, waya azigundana bwinobwino osakwerana, dzanja lina likugudubuza paipi lina likukoka, ukangotayilira pang'ono onse amasomphoka n'kuyambiranso. Tinakulunga pafupifupi ka 300 n'kumata selotepi. Kunja kwake tinazunguliza waya wonenepa katatu basi. Zotsalazo n'zochepa, transista ya 2N2222, resista ya 22k ndi batire ya 9V. Pa intaneti kadongosolo aka amakatchula kuti slayer exciter, ndi ka Tesla coil ka ana tingotero.

Poyamba zii, palibe chinachitika. Titatembenuza mawaya awiri a koyilo yonenepa ija, alamu anatenga babu la enejiseva n'kuliyandikitsa ku paipi, ndipo linayaka lili m'manja mwawo, lopanda waya ngakhale umodzi. Ana anakuwa, mayi a kunyumba anatuluka kukhitchini kudzaona ngati sitinawotche nyumba. Kunena zoona chinthuchi n'chokongola, ngakhale ukudziwa mmene chikuyendera umachitabe nthumanzi. Ukalisendeza patali pang'ono limazilala, ukalibweza limawalanso, mbali yomwe yayang'ana koyilo ndi yomwe imawala kwambiri.

Mkangano unayamba alamu atatulutsa mita yawo ija ya chikasu yoyezera magetsi. Anagunditsa ku nsonga ya koyilo, manambala n'kuyamba kudumphadumpha, kenako 400 kenako 700 kenako zosawerengeka n'komwe. Iwo nde anadumpha, "Mwaonatu alamu! Talowetsa 9, zatuluka mahandiredi, zinazo zachokera kuti?" Ndinawauza kuti mavoti okha si mphamvu. Mphamvu yake umachulukitsa mavoti ndi ma amp, thiransifoma iliyonse ikakweza mavoti ma amp amatsika. Chachiwiri, timamita totchipati anatipangira magetsi a m'nyumba ogwedezeka ka 50 pa sekondi, pomwe koyilo yathu ikugwedezeka mwina kupitirira miliyoni pa sekondi, ndiye zomwe ikulemba pamenepo n'zongolota. Umboni wake, titachotsa mawaya a mita aja n'kungoiika pafupi, imalembabe manambala isanakhudze kalikonse. Mavidiyo ambiri omwe amanditumizira aja agona pamenepa, munthu akuloza mita akusangalala.

Resonance yomwe alamu amaitchula pafupipafupi ija iliko ndithu, si bodza. Ili ngati katungwe, ukamakankha pa nthawi yake ngakhale ndi chala chimodzi, mwana amafika m'mwamba zedi chifukwa kukankha konse kuja kukuunjikana. Koyilo ndi kapasita, kachipangizo kosunga magetsi kwa kanthawi, zimaponyerana mphamvu choncho, ndipo zikagwirizana mayendedwe mavoti amakwera modabwitsa. Koma zonse zomwe zaunjikanazo wakankha ndi iwe, kapena kuti batire. Ukasiya, waya amatentha pang'onopang'ono n'kudya zonse.

Alamu sakhulupirira zanga, amakhulupirira Nikola Tesla, katswiri wakale wa zamagetsi. Ati munthu uja anapeza magetsi aulere koma olemera anamutsekereza. Nkhaniyi ndimaikonda nanenso koma anthu amaikometsera. Tesla analembetsa koyilo yake mu 1891, mu 1899 anapita ku Colorado Springs ku America kukayesa zikuluzikulu zotulutsa ziphaliwali, ndiye mu 1901 anayamba kumanga nsanja ya Wardenclyffe ku Long Island ndi ndalama za mpondamatiki J.P. Morgan, madola 150,000. Morgan anakana kuwonjezera ndalama, ntchito inaima, nsanjayo anaigwetsa mu 1917. Koma chomwe Tesla ankafuna chinali kutumiza mauthenga ndi magetsi popanda waya, magetsiwo amayenera kupangidwa kaye ndi majenereta. Ngakhale ku Colorado Springs ankakoka magetsi a kampani ya m'tauniyo. Kutumiza ndi kupanga n'zosiyana alamu, ndinatero, iwo n'kungopukusa mutu.

Ndinawakumbutsanso za 2007 pomwe gulu la Marin Soljačić ku yunivesite ya MIT ku America linayatsa babu la mawati 60 pa mtunda wa mamita awiri ndi makoyilo awiri ogwirizana. Akatswiri enieni, zida zodula, koma mphamvu yomwe inafika tsidya linalo inali pafupifupi 40 peresenti. Si kuti analephera ayi, inali nkhani yaikulu dziko lonse. Ngakhale timachaja ta foni topanda waya tija ndi makoyilo omwewa, ndipo foni imafunda ukamatchaja chifukwa zina zikutayika panjira.

Titadya nsima tinagwirizana kuyesa komwe kumathetsa makani. Ngati zotuluka zikuposadi zolowa, bwezera zotulukazo kolowera n'kuchotsa batire, chizidziyendetsa chokha. Tinapanga koyilo ina yolandira, tinaika dayodi ya 1N4148 ndi kapasita yomwe tinazula mu wailesi yakale, n'kulumikiza kumene kumalowa batire. Alamu anagwira babu, ine ndinazula batire. Linathima pompo, ngakhale kuphethira kumachedwa. Tinasuntha koyilo, tinachepetsa waya, tinasintha kapasita, chimodzimodzi. M'mavidiyo muja kuyesa kumeneku simudzakuona, kapena ukakuona pali kabokosi kena komwe satsegula. Nkhani zoterezi n'zakale moti bungwe la sayansi la ku Paris linasiya kulandira mapulani a makina odziyendera okha kalekale mu 1775.

Chomwe chimandiwawa n'choti alamu ali ndi manja abwino, amawotcherera bwino kuposa ine, ndipo magetsi akamathimathima chonchi munthu aliyense amaganiza zotulukira. William Kamkwamba uja ku Wimbe ku Kasungu anatoleranso zinthu zotayidwa, dayinamo ya njinga ndi mapaipi, koma iye anali ndi kochokera mphamvu, mphepo. Ndinawauza kuti kasola kakang'ono ka mawati 20 padenga kangawapatse zambiri kuposa makoyilo onse omwe tingakulunge chaka chino. Anati sola ndi zogula, iwo akufuna zotulukira okha.

Cha m'ma 4 koloko tinamva kafungo kopserera, transista yatentha moti sungaigwire, kenako inangofa. Batire nayo titaiyeza inali itatsika kufika pa mavoti 7, ya m'mawa womwewu. Alamu akuti vuto ndi loti sitinakhome chitsulo pansi, mphamvu yeniyeni ili m'nthaka. Ndawauza abwere nacho chitsulocho Loweruka likubwerali tidzakhome, ine ndikasaka transista ina ya BD139 ndi kachitsulo koziziritsira kwa okonza mawailesi kumsika, koma batire ulendo uno agula ndi iwo.